Kusankha ndi kukonza mtengo wopangira chitoliro

Chitoliro cha phesi la papaya sichigona. Mwana amathyola phesilo m'mawa, n'kuliboola ndi minga, n'kuliza tsiku lonse mpaka akuluakulu kudandaula, koma kukacha chimapezeka chitafota. Ngati mukufuna kupangira mwana wanu, kwaya ya kutchalitchi kapena inu nomwe chitoliro choti chikhale zaka, ntchito imayambira pa kusankha mtengo, ndipo ambiri amaphonyera pomwepa. Amafunsa kuti ndi mtengo uti umene umalira bwino. Funso limenelo n'la wosema ng'oma kapena wokhoma gitala, pakuti pa zoimbira zimenezo thabwa lenilenilo limanjenjemera n'kuthandiza kutulutsa mawu. M'chitoliro, chimene chimalira ndi mpweya umene uli m'mphako. Mtengo umangousunga mpweyawo m'njira yosalala, yosadontha ndiponso yosasinthasintha kukula.

Nkhaniyi anaiyesapo. Mu 1971 wasayansi wa ku America, John Coltman, anapanga zitoliro zitatu zofanana mphako, china cha siliva, china cha kopa, china cha mtengo, ndipo omvera analephera kuzisiyanitsa. Amisiri ambiri mpaka lero amalumbira kuti khutu lawo limamva kusiyana, ndipo mwina ali ndi mfundo pang'ono, chifukwa mtengo uliwonse umasalala mosiyana ukabooledwa. Koma kumbukirani kuti malemu Donald Kachamba wa ku Chileka anavinitsa anthu kwela mpaka kunja ndi kachitoliro kachitsulo. Choncho musavutike kufunafuna mtengo wa mawu okoma. Funani umene ungapirire madzi.

Mpweya wotuluka m'kamwa ndi wofunda komanso wonyowa. Lizani chitoliro kwa mphindi 10, kenako suzumirani m'kati, muona timadontho tandandalika m'khoma la mphako. Mtengo umamwa madziwo n'kufufuma m'kati pomwe kunja kwake kuli kouma gwa. M'kati mukukankha, kunja kukukana, mapeto ake mng'alu, ndipo kawirikawiri umayambira pa bowo la chala kapena kunsonga. Palinso china. Mtengo pouma sufupika kwenikweni m'litali, umachepa m'mimba mwake, ndipo suchepa mofanana mbali zonse. Potsata mizere yozungulira ija mumaiona pa chitsa, umachepa pafupifupi kawiri kuposa mmene umachepera kuchokera pakati kupita kukhungwa. N'chifukwa chake mphako imene munaboola yobulungira bwino pa mtengo wauwisi, pakatha miyezi ingapo imakhala itaphwatalala, mawu n'kusokonekera.

Musanawononge thukuta pa mtengo uliwonse, uyeseni. Dulani kachidutswa kotalika ngati chala, pakani thovu la sopo mbali imodzi, ikani mbali inayo pakamwa n'kupemerera mwamphamvu. Thovu likayamba kutukusira, dziwani kuti mitsempha ya mtengowo ndi yotseguka ndipo mpweya uzidutsa m'khoma la chitoliro. Kenako tengani mpeni wakuthwa mucheke mopingasa mitsempha. Mtengo wabwino umasiya pamalo posalala, pena ponyezimira. Woipa umasiya tiulusi ndi timabowo tooneka ndi maso. Tiulusi timeneto tikanyowa timadzuka m'mphako, mpweya n'kumakhulana nato, chitoliro n'kumalira mosasa mawu. Pomaliza ponyani kachidutswako m'beseni la madzi muone mmene kakuyandamira. Kakamira kapena kungotsala pang'ono kumira, mtengowo ndi wothina, ndipo m'mphepete mwa mabowo ake simudzabenthuka msanga.

Pa mayeso onsewa palibe wopambana phingo. Chidutswa cha mtima wa phingo chokula ngati lita imodzi ya madzi chimalemera pafupifupi makilogalamu 1.2 kapena kuposerapo, pomwe madziwo amalemera kilogalamu imodzi ndipo paini amangofika cha pa theka la kilogalamu. Chikagwera m'madzi chimamira. Mtima wake wakuda uja uli ndi mafuta achilengedwe amene amachedwetsa madzi kulowa, ndipo ukasemedwa pa makina ozungulitsa thabwa umatuluka wosalala kwambiri, moti mmisiri amatha kudulapo mizere ya sikuluu n'kumangirirapo tizitsulo osathetheka. Ichi n'chifukwa chake ma clarinet ndi ma oboe ambiri apamwamba, komanso zitoliro za pa bagpipe za ku Scotland, amapangira phingo wochokera makamaka ku Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique. Azungu amautcha grenadilla kapena African blackwood, a Chiswahili amati mpingo. Clarinet imodzi yotere imagulidwa madola zikwi zingapo.

Kale amisiri a ku Ulaya ankadalira mtengo wawo wachikasu wotchedwa boxwood. Ndi wosalala bwino koma umapindika nyengo ikasintha, ndipo zoimbira zitayamba kuchulukirwa tizitsulo totsekera mabowo, kupindikako kunayamba kusowetsa mtendere. Anatembenukira ku cocus wa ku Jamaica ndi Cuba mpaka anatsala pang'ono kumutha, kenako maso onse anagwera pa phingo. Vuto n'lakuti phingo amatenga zaka 70 mpaka 100 kuti akhwime, amakula mokhotakhota, ndipo gawo lalikulu la chipika limatayidwa chifukwa cha ming'alu ndi mfundo. Kuyambira mu Januwale 2017 malonda a phingo odutsa malire a mayiko amayendera zilolezo za pangano la CITES, ngakhale kuti mu 2019 zoimbira zopangidwa kale anazichotsa pa lamulolo. Kampani ya ku France ya Buffet Crampon inafika poyamba kuumba ma clarinet ena ndi utuchi wa phingo wosakaniza ndi guluu wamphamvu, ndipo amenewo sang'aluka wamba.

Tsono inu musatenge nkhwangwa kukasaka phingo kuthengo. Ndi mtengo wotetezedwa, ndipo kudula mitengo yachilengedwe yotere popanda chilolezo cha a zankhalango ndi mlandu. Mukaufunitsitsa, pitani kwa osema ziboliboli mukapemphe kugula zidutswa zotsala, koma mupite ndi mpeni m'thumba. Pamisika ya ziboliboli pamapezeka mitengo wamba yodetsedwa ndi polishi wa nsapato. Palani pang'ono. Phingo weniweni ndi wakuda kapena wofiirira kwambiri mpaka m'kati, ndipo m'mbali mwake mumakhala mnofu woyera mwachikasu wosiyana kotheratu ndi mtimawo. Ine sindingakulangizeni kuyambira pa phingo. Amabunthitsa zida msanga, mafuta ake amakanitsa guluu kugwira bwino, ndipo fumbi lake limayabwa khungu ndi kutsokomoletsa anthu ena. Mukamamukhula, mangani kansalu kumphuno.

Tsanya, amene amachuluka kuchigwa cha Shire, ku Liwonde ndi ku Luangwa, naye amamira m'madzi ndipo ali ndi mafuta. Masiku ano amisiri akunja akumugwiritsa ntchito popanga zitoliro ndi ma clarinet m'malo mwa phingo, pomwe kwathu kuno timamudziwira makala ndi nsanamira. Kuuma kwake kumatopetsa mkono, ndipo malamulo odulira ndi omwewo. Mlombwa ndi wosavuta kusema ndipo sapindika, koma mitsempha yake ndi yotseguka, choncho amafuna kumwetsedwa mafuta kangapo asanagwire mpweya. Zimenezi si zachilendo. Bassoon amapangira maple, mtengo wopepukirapo umene umamwa madzi, ndipo amisiri amaunyika m'mafuta n'kuyala mphira kapena pulasitiki m'zigawo zimene zimanyowa kwambiri. Mbawa ili ngati mlombwa pa nkhani ya mitsempha. Pakhomo penipeni, yang'anani gwafa wokhwima, ndimu kapena lalanje. Mitengo ya zipatso imeneyi ndi yothina ndi yosalala, monganso peyala wa ku Ulaya amene amapangira ma recorder, ndipo nthambi yoongoka mukhoza kuipeza potengulira popanda kugwetsa mtengo wonse.

Bulugamu musiyeni, amang'aluka pouma. Paini ndi malaina ndi ofewa, mabowo ake amanyenyeka m'mphepete, ndipo paini amatuluka utomoni dzuwa likatentha. Chachikulu kuposa zonse, chitoliro chimakhala pamlomo. Musayerekeze mwabvi, nkhadze kapena mtengo uliwonse wotuluka mkaka umene simukuudziwa. Pewaninso matabwa ndi mapolo onyikidwa m'mankhwala a chiswe, aja obiriwira kapena onunkha phula.

Kwa woyamba kumene, palibe choposa nsungwi. Mphako ilimo kale, khungu lake ndi lolimba ndi losalowa madzi, ndipo ikalakwika simulira nayo. Anthu a ku India amapangira nsungwi chitoliro chawo cha bansuri, a ku Japan shakuhachi, ndipo anansi athu Anyungwe a ku Tete amavina gule wa nyanga aliyense akuliza tizitoliro ta nsungwi tomangidwa pamodzi. Bango nalo limalira, koma khoma lake ndi lopyapyala ndipo limaphwanyika mwana akangolikhalira.

Dulani nsungwi m'nyengo yachisanu, cha mu Juni mpaka Ogasiti. Sankhani yokhwima, ya zaka 3 mpaka 5, imene khungu lake lasiya kuwala ndipo makoko a pamfundo anayoyoka kale. Yanthete ili ndi chakudya chambiri m'kati, imafumbwa ndipo imakwinyika pouma. Nsungwi yachilengedwe ya kwathu kuno nthawi zambiri imakhala ndi khoma lochindikala ndi mphako yaing'ono, makamaka kutsinde, choncho yang'anani cha pakati kapena kumtunda kwa phesi. Mukufuna mphako ya mamilimita 18 mpaka 20, yoti chala chamkombaphala chilowe mothina, ndi khoma la mamilimita 3 kapena 4. Dulani zidutswa zotalika masentimita 60 kapena kuposa, mfundo zikhale kumapeto onse awiri, chifukwa mfundo zimachepetsa kung'aluka pouma.

Zinyikeni m'madzi kwa masabata 2 kapena 3, mukusintha madziwo akayamba kununkha, kuti chakudya chimene tizilombo timatsata chisukuluke. Mukazivuula, ziimikeni pamthunzi podutsa mphepo, zisagunde dothi. Kuziyanika padzuwa la Okutobala kapena padenga la malata kuti ziume msanga ndi kuzitaya, mudzazimva zikuthetheka zokha. Patapita masabata angapo mukhoza kuzisomeka kudenga la khitchini chapatali ndi moto, kuti utsi uzizifika pang'onopang'ono. Dikirani miyezi 3 mpaka 6. Njira yodziwira kuti zauma ndi sikelo. Pimani chidutswa chimodzi mwezi uliwonse n'kulemba kulemera kwake pa khungu lake ndi pensulo. Kulemera kukasiya kutsika, zauma. Amisiri a ku Japan amadutsitsa nsungwi zawo pamwamba pa makala mpaka zitatuluka thukuta la mafuta, n'kuzipukuta ndi nsanza. Inunso mukhoza kutero pa mbaula, mukuzunguza osaimitsa dzanja, ndipo kutentha komweko kumakulolani kuwongola nsungwi yokhota pang'ono poikanikiza pabondo mutayalapo chiguduli.

Tsiku loboola, konzani sowo ya mano ang'onoang'ono, tepi yoyezera, pensulo, pulayazi, misomali ikuluikulu ingapo, kachitsulo kozungulira kotalika, mbaula yoyaka ndi sandipepala wokhakhala ndi wosalala. Zogula ndi sandipepalayo, ulusi wosokera nsapato ndi kabotolo ka mafuta basi, ndipo zonse pamodzi siziyenera kupitirira ndalama yogulira nkhuku imodzi yachikuda. Ntchito yake ndi ya tsiku limodzi kapena awiri.

Siyani mfundo imodzi kuti itseke mbali ya kumutu. Ngati pali mfundo ina pakati, iboleni ndi kachitsulo kotentha, kenako kulungani sandipepala kunsonga ya kamtengo mukhule m'kati mpaka chotupa chonse chitatha. Apa musathamange. Penyani mphakoyo moloza kuwala, ndipo mukaona mthunzi wa kanthu kotsalira, bwererani. Kusalala kwa m'kati ndiko kumapangitsa mawu otsika kutuluka mosavuta.

Bowo lopemererapo likhale masentimita 2 kuchokera pamfundo yotseka ija, lokula pafupifupi sentimita imodzi, lotalikirapo pang'ono motsata utali wa chitoliro. Boolani ndi msomali wofiira ndi moto, mutaugwira ndi pulayazi, muli panja chifukwa cha utsi. Chobowolera cha makina chimakonda kung'amba nsungwi pokhapokha mutazolowera. M'mphepete mwa bowoli, mbali imene mpweya umakagunda, mukhale mwakuthwa ndi moyera. Mukakhula mpaka kubulungira, chitoliro chizingofwenthera.

Tsopano yezani masentimita 43 kuchokera pakati pa bowolo mudule. Pemererani mumve mawu, muyerekeze ndi G wa pa kiyibodi ya kutchalitchi kapena pulogalamu yochunira ya pafoni. Adzakhala otsika. Chekani kunsonga mamilimita ochepa nthawi imodzi mpaka mawu atafika pa G, zimene zimachitika cha pa masentimita 40. Mukadula mopitirira palibe kubweza. Utali mwapezawo ndiwo muyeso wa mabowo 6 a zala. Kuchokera pakati pa bowo lopemerera, lembani timizere pa maperesenti 83, 73, 68, 58, 50 ndi 43 a utaliwo. Pa chitoliro cha masentimita 40 ndiye kuti cha pa 33, 29, 27, 23, 20 ndi 17. Manambalawa ndi poyambira chabe, chifukwa palibe nsungwi ziwiri zofanana mphako.

Yambani ndi bowo la kumunsi kwenikweni. Libooleni laling'ono, mamilimita 5, lizani, ndipo mulikulitse pang'onopang'ono mpaka litapereka re, poti G uja ndiye do. Kukulitsa bowo kumakweza mawu, ndiye kuyamba ndi lalikulu n'kudzitsekera njira. Likakhala bwino pitani pa lotsatira, mi, kenako fa, so, la, ti, limodzilimodzi mukukwera. Mudzaona kuti lachiwiri kuchokera kumunsi limafuna kukula kuposa anzake pomwe lachitatu limakhala laling'ono, ndipo sikuti mwalakwitsa. Chunani chitoliro chitafunda ndi mpweya wanu, pakuti chozizira chimalira motsikirapo. Mukamaliza chotsani makala a m'mabowo ndi sandipepala wopinda, ndipo kulungani ulusi mothina kumapeto onse awiri ndi pakati, mizere 15 kapena 20 pamalo amodzi, n'kupakapo phula la njuchi kapena guluu. Ulusi umenewu umagwira mng'alu usanayende.

Mukadzafuna kuyesa mtengo weniweni monga gwafa kapena mlombwa, konzekerani kudikira. Musagwiritse ntchito nthambi yathunthu yokhala ndi pakati pake, chifukwa ming'alu imayambira pakatipo. Pezani chipika chonenepa, ching'ambeni panayi, musemepo timitanda ta masentimita 4 mbali zonse ndi 55 m'litali, opanda mfundo. Matani kumapeto ndi phula la kandulo kapena penti, popeza madzi amathawira kumapetoko mofulumira n'kusiya ming'alu. Sanjikani pamthunzi mutalekanitsa ndi timitengo. Akalipentala amawerengera chaka chimodzi pa masentimita 2.5 alionse a kuchindikala, ndiye mitanda yotere ifuna chaka ndi theka kapena ziwiri. Opanga zoimbira za phingo amasunga mitengo yawo zaka zingapo, ndipo ambiri amayamba aboola kamphako kakang'ono n'kuusiyanso mtengowo upume asanamalizitse.

Kuboola mphako yoongoka ya masentimita 45 pa mtengo wouma popanda makina n'kovuta, chobowolera chimapatuka n'kutulukira m'mbali. Njira ya pakhomo ndi imene amatsata opanga zitoliro zambiri za eni nthaka a ku North America. Chekani mtandawo pakati m'litali, semani ngalande ya theka pa chibenthu chilichonse ndi tchizulo yokhota, musiye kumutu kosasema, khulani mpaka kusalala, kenako mataninso ndi guluu wa matabwa wosasungunuka ndi madzi. Mangani ndi malegeni usiku wonse, ndipo guluu wotuluka m'kati mupukute asanaume ndi kansalu konyowa kokokedwa ndi chingwe. Kunja semani mpaka khoma litatsala mamilimita 4. Mabowo atsata miyeso ija ya nsungwi, koma pa mtengo chobowolera chimagwira bwino kuposa moto.

Chitoliro chatsopano, cha nsungwi kapena cha mtengo, chimafuna mafuta m'kati. Gulani mafuta a almond kapena liquid paraffin ku famase. Samalani, ameneyu si palafini wa nyale, wa nyaleyo ndi poizoni ndipo asayandikire chitoliro. Mafuta ophikira amavunda n'kumanunkha, amanatanso. Dontheretsani pang'ono pa kansalu, kadutsitseni m'mphako youma, siyani usiku umodzi, m'mawa pukutani otsala. Mlombwa ndi mbawa bwerezani katatu kapena kanayi mpaka mtengo utasiya kumwa. Pambuyo pake kawiri kapena katatu pachaka n'kokwanira.

Masabata awiri oyamba lizani mphindi 10 kapena 15 zokha patsiku kuti mtengo uzolowere chinyezi pang'onopang'ono. Langizo lomweli likhudzanso clarinet kapena recorder ya mtengo imene wachibale wakutumizirani kuchokera ku Britain kapena ku South Africa, makamaka ngati yakhala nthawi yaitali osaimbidwa. M'mawa wozizira wa Juni musapemerere mpweya wofunda m'chitoliro chozizira, yambani mwachifunditsa m'manja kapena m'khwapa. Mukatha kuimba, pukutani m'kati ndi kansalu, chisiyeni chiume pamthunzi musanachiike m'thumba, ndipo chisagone pawindo, m'galimoto yotsekedwa kapena pafupi ndi mbaula.

Mng'alu waung'ono ukaoneka musataye mtima. Lekani kuliza kwa masiku angapo kuti chiume, dontheretsani supa guluu mumng'alumo, kulungani ulusi pamwamba pake. Koma ukadutsa pa bowo lopemerera, chitolirocho chatha, yambani china. N'chifukwa chake podula nsungwi muzidula zidutswa zosachepera 5, mulembe tsiku pa chilichonse, ndipo ana muwauziretu kuti zimene zili kudengazo si nkhuni.